Nyama ya Odwala

"Musatafune kanthu mpaka masabata sikisi," anatero dokotala atamanga ndi mawaya nsagwada zothyoka za malemu a Lawford, mzimu wawo uuse mumtendere. Anali atagwa mumtengo wa mapeyala ku Area 47, komwe anagwira ntchito ya m'gadeni zaka makumi awiri, ndiwo zake nyemba zokhazokha.

Adona a pantchitopo anamva chisoni. Tsiku lililonse ankatumiza nyama yambuzi yootcha. A Lawford ankangonunkhiza, misozi ili mbwee, akazi awo a Naphiri akunyambita zala.

Tsiku lochotsa mawaya a Lawford anathamangira kwa adona.

"Mayi, pakamwa paja patseguka!"

"Ambuye alemekezeke!" anatero adona, n'kuitana wophika. "Esnati, abambowa achira. Uwabwezere pa nyemba, nyama ija inali ya odwala."