Katswiri wa Tulo

"Amake mwana, mwana sagonekedwa kumsana ngati thumba," anatero bambo, akumata ndandanda wa tulo pafiriji. "Wani koloko azikhala atagona. Lero muonere kwa ine."

Mkazi wake anangotsonya. Munthu wosadziwa n'komwe kumene matewera amakhala, lero wasanduka katswiri!

Bamboyo anatseka makatani, nathimitsa wailesi, naletsa ngakhale kutsokomola. Kenaka analowa kuchipinda ndi kamtsikana kake ka zaka ziwiri. Kunamveka kulira, kunyengerera, kuopseza, mapeto ake zii.

Mayi atasuzumira anapeza katswiri uja ali gada, kukamwa yasa, mkonono ukulira. Mwana anali atawakhalira pamimba, akuwasisita pachifuwa.

Ataona amake, anaika kachala pamlomo. "Shii, amama. Adadi agona."

Inali wani koloko ndendende.