Mapazi Onse Awiri

"Mapazi onse awiri nthawi imodzi, adokotala," mayi adatero. "Ine zobwera kawiri ayi."

Dokotala adafotokozanso kuti mapazi a mtsikanayo, mwana wa mayiyo, ndi athyathyathya, ndipo lililonse lili ndi kafupa kowonjezera m'mbali, komwe kamamupweteka. Ndi bwino kuchita opaleshoni phazi limodzi kaye, kuti pochira aziyendera linalo.

"Ndiye kumsika azindigulitsira ndani? Inu?"

Adalimbana mpaka dokotala adatopa, navomera.

Mtsikanayo adabwerera kunyumba miyendo yonse ili m'zikhakha. Ndodo zoyendera adangozitsamiritsa kukhoma.

"Amayi, ndikufuna kuchimbudzi."

Mayi adamuyang'ana mwana wakeyo, chitsikana chomuposa msinkhu. Adatenga nsalu, nagwada pafupi ndi bedi, namupatsa msana.

"Kwera," adatero. "Koma usandinyowetse."