Ng'ona ya ku Kanyama

"Bafuna kutibela vinthu vathu!" anakuwa Dyton, maso ali pa foni. Kampani yopanga masewera a madayisi opekerana nkhani omwe iye ndi anzake ankasewera Loweruka lililonse inali itasintha malamulo. Aliyense wofuna kufalitsa nkhani yomwe wapeka pamasewerawo ankayenera kusayina kuti yasanduka ya kampaniyo.

Gululi linali ndi chilombo chakechake, ng'ona yobisala m'ngalande za kwawo ku Kanyama nthawi ya mvula. Anaipeka onse pamodzi, Maggie n'kuijambula.

"Palibe wosaina," Dyton anagamula. Kenako anamuyang'anitsitsa Maggie. "Nanga imwe ba Maggie, bokosi ya gemu yanyowani ija mwaichosa kuti?"

"Ninagula ku Kamwala, yogwilisa kale nchito."

"Yakale, pulasitiki ikalipo?"

Anzake anayang'anana, akuganiza kuti Maggie wasayina ndipo kampaniyo yamupatsa bokosilo. Maggie anafotokoza mpaka misozi kulengeza m'maso, koma Loweruka lotsatira palibe anamuitana. Hillary, mwini nyumba yomwe ankasewereramo, anamuchotsa pagulu lawo la pa foni.

Mvula itatha, Hillary anabwera ndi buku latsopano la kampani ija. Atalitsegula pakati, ng'ona yawo inali pomwepo, mano onse pamtunda.

"Sininakuuzeni?" anatero Dyton, akutambasula dzanja msangamsanga kuti alande bukulo.

Koma chala cha Hillary chinali chitafika kale pa timalemba ta m'munsi mwa chithunzi, pomwe panali dzina la wotumiza. Anawerenga, n'kudzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Ba Dyton, mwayamba liti kujambula?"