Phulusa la Bambo Lidikira

"Asunthanso tsiku, Mayi," anatero Tomoharu polankhula nawo pa kanema. Anali atatha miyezi isanu pa siteshoni ya mumlengalenga, ndipo bambo ake anamwalira iye ali komweko.

"Wasuntha ndani?"

"Mayiko onse agwirizana. Chombo chodzatitenga chidikira kuti cha anzathu chiyambe chachoka pokocheza. Akuti masabata atatu."

Kumbuyo kwa mayi ake, m'nyumba yawo ya mumzinda wa Mito, Tomoharu ankaona bokosi loyera la phulusa la mtembo wa bambo ake, umene unawotchedwa. Mwambo umati phulusa liikidwe m'manda pa tsiku la 49 chimwalirireni munthu, ndipo iye analonjeza kuti adzalinyamula yekha. Tsikulo linali Lamulungu likubwerali.

"Kaikeni basi, Mayi. Musandidikire." Kumwambako misozi sigwa, choncho inangomuunjikana m'maso.

"Iwe usandiuze zochita. Mawa ndikauza wansembe kuti tidikira."

Kenako anatembenuka n'kusisita bokosi lija.

"Mwamva, bambo ake Tomoharu? Zaka makumi anayi munayendetsa sitima osachedwapo ngakhale mphindi imodzi. Ulendo uno wokha, muchedwako."