Mwini Wake wa Chibokosi Chofiira

Tiyi anafika a Pulofesa ali pakati pa mkwiyo wawo, ndipo palibe amene anayerekeza kugwira kapu. Kuseri kwa galasi chimakina chinali kulira chapansipansi m'chipinda chake chozizira. Chinali chikompyuta champhamvu chimene masukulu anayi anagula mosonkherana, kuti azichitirapo kafukufuku ndi kuphunzitsirapo za nzeru zochita kupanga. Aliyense ankatumiza ntchito yake n'kudikira pamzere ngati kuchigayo.

Vuto linali lakuti mzerewo sunkayenda. Pa sikirini ya kukhoma panali chibokosi chofiira, ntchito ya munthu mmodzi imene inakakamira theka la makinawo osatha, osachoka. Dzina la mwini wake silinkaoneka. Komiti yoyang'anira makinawo, yomwe inali pamsonkhano tsikuli, inagwirizana kalekale kuti pazioneka manambala okha, kuopa kuti akuluakulu angamaopseze ang'onoang'ono.

A Pulofesa anali ndi msonkhano kunja mwezi wotsatira. Suti anali atasoketsa kale, koma zokanena kumeneko zinali zikadali pamzere. Choncho anabwera ndi maganizo awo olembalemba: ntchito yofiirayo iphedwe lero lomwe, ndipo mwini wake pamodzi ndi onse ogwira ntchito pansi pake atsekeredwe kunja kwa chaka chathunthu. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, anatero, akumenya tebulo ndi chala.

Sanatchule munthu, koma maso awo sankachoka pa mayi wa ku koleji ya aphunzitsi. Mayiyu anali ndi chigulu cha ophunzira amene ambiri anali asanagwirepo makina otere. Mwezi wapitawo mmodzi wa iwo anatumiza ntchito imodzimodzi kambirimbiri poganiza kuti sinapite, ndipo nkhaniyo inasekedwa m'makhonde onse. Mayiyo ankapotokola kansalu m'manja. Akanatsekeredwa, ana ake sakanamaliza ntchito zawo za chaka chomaliza, ndipo iye ankadziwa bwino kuti ena mwa iwo mwayi wobwereza alibe.

Ataona kuti palibe womulankhulira, anapempha modzichepetsa kuti wolakwayo ayambe wachenjezedwa kaye.

"Mwanawe, kuno si kumkaka," anayankha a Pulofesa. "Makina awa ndinawayatsa ndine pamaso pa alendo, inu musanadziwe n'komwe kuti amayankhula chinenero chanji. Machenjezo makina amatumiza okha, ndipo amene amawerenga zimenezo ndi ongoyamba kumene. Ngati ana anu sawerenga, atiuze chimene amadzatani kuno."

Anthu ena anaseka, kuseka kuja kwa anthu amene akudikira siginecha ya munthu. Mkulu wa sukulu ya zaulimi, yemwe anali asanatumizepo ntchito ngakhale imodzi pa makinawo chigulireni, anagwedeza mutu mwamphamvu kuposa onse. Anati ulemu unatha masiku ano.

Apa m'pamene wosamalira makina, bambo waimvi amene anakhala kumapeto kwa tebulo ndi laputopu yake, anakweza dzanja. Iye yekha ndiye ankatha kuona maina, koma lamulo linkamuletsa kuwatchula pagulu. Anapempha kuti aonane kaye ndi a Pulofesa panja, pang'ono chabe.

A Pulofesa anamwetulira ngati munthu amene wapeza njoka imene amaisaka. Ndani sankadziwa kuti bamboyu ndi mlamu wake wa mayi uja? Anati zachibale zikakambidwe kunyumba, pano zonse zinenedwe poyera. Wosamalira makina anayesanso. Anati anapita kawiri ku ofesi kwawo, koma anauzidwa kuti bwana ali ndi alendo.

"Ndipo mukabweranso mudzauzidwa zomwezo. Ine sindinyengereredwa m'makona."

Bamboyo anatsitsa dzanja lake, n'kuyang'ana kudenga.

Apampando, amene ankafuna zithe tiyi asanazizire, anafunsa ogwirizana nazo. Manja anakwera, ena msanga, ena atayamba ayang'ana kaye anzawo. La mayi uja linatsala pamiyendo. A Pulofesa anapempha kuti zilembedwe momveka kuti chigamulochi sichidzabwezedwa, ngakhale munthu adzalire chotani, ndipo zinalembedwa. Anaonjeza kuti anthu ena makina otere n'kuwalakwira kuwapatsa, bola akanangokhala ndi choko chawo.

Makinawo akatsekera munthu amamutumizira uthenga pafoni nthawi yomweyo. Mayiyo anatulutsa yake n'kuiika patebulo, pafupi ndi kapu imene sanaikhudze. Anali ataganiza kale za mtsikana wina wa m'kalasi mwake amene amabwera ndi khanda kumbuyo, ndi mmene akamuuzire. Manyazi anali atamugwira mpaka m'makutu.

"Dinani, akulu," anatero a Pulofesa, akudzithirira tiyi.

Wosamalira makina anadina. Chibokosi chofiira chinazimirira, ndipo ntchito zimene zinali pamzere zinayamba kulowa imodzi ndi imodzi, za ana a mayi uja zili patsogolo. Onse anayang'ana foni ili patebulo.

Foni inalira, koma inali ya m'thumba la jekete la a Pulofesa.

"Inali ntchito yoonetsera alendo ija, bwana," anatero wosamalira makina, akutseka laputopu. "Chiyatsireni tsiku lija, simunaizimitse."