Ndikumbutse Mawa

"Imodzi, ziwiri, zitatu, dinani!"

Zala ziwiri zinagwa pamodzi, china pa kompyuta ya Lumo, china pa laputopu ya Dandaulo. Mkwatibwi anayamba kuyenda pa masikirini onse awiri, kuno akuoneka chakumaso, uko chakumbali. Lumo anadziluma mlomo kuti asaseke. Choseketsa panalibe, kungoti masiku amenewo mtsikanayu ankaseka ndi khoma lomwe.

Dzina loti Lumo anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa podula kanema analibe chisoni. Amalume a mkwati akalankhula mpaka anthu kuwodzera, iye ankawasiyira moni yekha. La Dandaulo silinkafuna kufotokozera.

Zonsezi zinabwera ndi pulogalamu yatsopano yokonzera makanema. Yakale ija inkaonetsa makamera onse anayi pa sikirini imodzi, iwe n'kumangosankha wokukomera. Yatsopanoyi inafika itatchena ngati mlendo wa paukwati, koma makamera ambiri inkawakana kwamtuwagalu. Umayenera kuonera imodzi, kutseka, kutsegula ina, uku utaiwala zomwe waona poyamba.

M'kasitudiyo kawo, kachipinda ka fani yolira ndi makatoni a mazira m'makoma, anapeza nzeru. Kamera ya kutsogolo inkaseweredwa pa kompyuta ya Lumo, ya kumbali pa laputopu ya Dandaulo, onse n'kudina nthawi imodzi. Mahedifoni anali amodzi, aja olowetsa m'khutu, wina kumanzere, wina kumanja. Waya wake unali waufupi, moti wina akayetsemula, mnzake khutu linkakhala pamtunda. Dandaulo akaona pofunika kusintha kamera, ankamugunda Lumo ndi chigongono.

M'mawa uliwonse Dandaulo ankakhwekhwereza mpando wake kubwera nawo pa tebulo la Lumo, akutukwana amene anapanga pulogalamuyo. Ankati anthu amenewo sanakonzepo kanema ngakhale wa mbuzi, ndipo tsiku lodzakumana nawo adzayalula mphasa. Lumo ankavomereza ndi nkhope ya pamaliro, mumtima akuvina. Ankamukonda mnyamatayo, ndi madandaulo ake omwe. Anayamba kudzola mafuta onunkhira kuseri kwa khutu lamanzere lokha, mbali imene kunkakhala mpandowo.

Koma Lumo anali ndi kachinsinsi. Tsiku lina atayatsa kompyuta, panatulukira kauthenga konena kuti apudeti yokonza pulogalamuyo yafika, makamera ambiri aja abwerera. Pansi pake panali mabatani awiri, lina loti "Ikani tsopano", lina loti "Ndikumbutse mawa". Anayang'ana mpando wa Dandaulo uli kutali kukona kwake, nayang'ana kawaya kafupi kaja. Anadina la mawa.

Kuyambira pamenepo, Lumo amene ankadziwika ndi kuchedwa anasanduka wotsegula chitseko. Ankafika osesa asanamalize, kuyatsa kompyuta, kudina la mawa, kenaka n'kukhala phee ngati mwana wabwino. Mawa lake silinkafika. Nthawi zina chikumbumtima chinkamutsina, poona mwana wa eni ake akuvutika chonchi chifukwa cha iye. Chikhalirecho mnyamatayo anali munthu wakhama: makanema a makwaya amene ankakonza yekha ankatha msangamsanga, ngakhale anali a makamera atatu. Analinso waudongo, akangodzuka pampando laputopu ankaitseka. Koma chigongono chija chikamugunda, chikumbumtima chinkapita kukagona.

Amene sankavina anali abwana. Anthu awiri pa ukwati umodzi, maukwati ena ali pamzere, eni ake akuimba foni mpaka kutentha! Anamva kwa anzawo kuti vutoli linakonzedwa kale, ndiye anayamba kuitana wamakompyuta wawo. Wamakompyutayo sankasowa chonena. Lero mvula, mawa njinga yaphwa, mkuja apongozi adwala. Lumo ankamupempherera munthu ameneyo kuti njinga yake izingophwabe.

Tsiku limenelo, atangodina pamodzi, mkwatibwi wa pa sikirini uja asanafike n'kuguwa komwe, chitseko chinatseguka. Abwana anali atakamutenga okha wamakompyuta pa galimoto yawo, ndipo anamulowetsa atamugwira pamkono ngati wakuba.

Lumo anachotsa hedifoni m'khutu n'kupereka mpando. Wamakompyuta sanachedwe, anapeza kauthenga kaja n'kudina batani limene Lumo ankalilambalala m'mawa uliwonse. Kamzere kobiriwira kanayamba kudzaza, Lumo akukayang'ana ngati kakumudyera chake. Kenaka sikirini inagawika panayi, mkwatibwi akumwetulira mbali zonse.

Abwana anaomba m'manja, nalamula kuti aliyense abwerere pa tebulo lake, n'kutuluka akuyankha foni.

Dandaulo anali maso kukhoma, akuwerenga makatoni a mazira. Lumo anaona kuti munthuyu wamasuka, ndipo mwina m'mutu akuwerengera masiku amene anataya pachabe. Chisoni chinamugwira, manyazi pamwamba. Anakulunga kawaya kaja pachala, naganiza zoti amuchitireko chabwino chimodzi chomaliza.

"Muwaikirenso pa laputopu yawoyo," anatero kwa wamakompyuta. "Avutika mokwanira, apumeko."

Wamakompyuta anayang'ana laputopu, nayang'ana mwini wake, kenaka anaphulika nako kuseka.

"Iyoyo, asisi? Ndinaikamo tsiku lomwelo apudeti itangotuluka. Eni akewa ndi amene akhala akundiimbira m'mawa uliwonse, kundichonderera kuti yanuyi ndisayerekeze kuiyandikira."

Kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito, Dandaulo anasowa chodandaula.