Theka la Renti ya ku Dinant

Nambala yake itaitanidwa, Ghislaine Lambotte anakakhala pa desiki yachinayi n'kuika envelopu patebulo. Unali mwezi wa June, pamene anthu a m'tauni ya Huy amabwera ku ofesi ya msonkho kudzathandizidwa kulemba mafomu. Ambiri pa mabenchi anali awiriawiri, akukangana chapansipansi za malisiti. Iye anabwera yekha, monga chaka chilichonse.

"Za penshoni yanu ndaziona," anatero kalaliki, bambo waimvi dzina lake Collignon. "Pali china, mayi?"

"Theka la renti ya sitolo ya ku Dinant."

"Sitoloyo ndi yanu?"

"Ndi ya amuna anga. Anagula tisanakwatirane."

Collignon sanadabwe. Lamulo limati sitolo yotere ndi ya mwini wake yekha, koma ndalama zimene imabweretsa anthu ali pabanja ndi za onse awiri, ndipo aliyense amakhoma msonkho pa theka lake.

Ghislaine ndi mwamuna wake Firmin anasiyana zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Sanamenyane, sanapite kukhoti, ndipo pa mapepala ukwati unalipobe. Anangofika poti m'nyumba munkamveka wailesi yokha. Tsiku lina Ghislaine analongedza masutikesi awiri, Firmin n'kumunyamulira mpaka pa siteshoni osafunsa kanthu. Mwana analibe. Anzawo anali a onse awiri, ndiye pang'onopang'ono anasiya kuimba foni.

Chimene chinatsala chinali renti. Pa 5 mwezi uliwonse ndalama zinkalowa ku banki, ndipo mu May munkabwera kalata. Collignon anaitulutsa mu envelopu muja. Inali ya mizere itatu, yolemba pamanja:

"Ghislaine, renti ya chaka chatha ndi mayuro 9,600. Theka lako ndi 4,800. Firmin."

"Sataya inki bambowa," anatero Collignon.

"Ngakhale m'nyumba anali choncho. Munthu wa malamulo. Lamulo likati perekani theka, apereka theka lenileni, osaphonya tsiku. Koma moni, poti lamulo silinena za moni, mulibe."

"Inu munawayankhapo?"

"Ndiyankhe chiyani? Kuti nambala ndaiona?"

Ghislaine anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunapite patali. Sananene kuti kalata zonse khumi ndi zisanu anazisunga m'kabati ya kukhitchini, kapena kuti chaka chilichonse ankatembenuza pepalalo kuti aone ngati kuseri kwalembedwa kanthu. Ankadziwa bwino kuti Firmin akulembera boma, iye ndi pongodutsira. Tsiku limene lamulolo lidzasinthe, bokosi lake la makalata muzidzangopezeka mapepala otsatsa malonda.

Collignon anayamba kulemba pa kompyuta, kenaka anaima. Anafunsa dzina la msewu ndi nambala ya sitolo. Anafunsanso tsiku limene Firmin anabadwa. Ghislaine anayankha zonse osaganiza kawiri.

"Chavuta n'chiyani? Firmin walakwitsa masamu? Kungakhale koyamba."

"Masamu ali bwino. M'mbuyomu anzanga ankangolemba zimene mwabweretsa, eti? Palibe amene anayang'ana kaundula wa nyumba?"

"Palibe. Ndimabweretsa nambala, iwo n'kulemba."

Collignon anavula magalasi. Anapinda kalata ija mosamala, n'kuibweza kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Mayi, sitolo imeneyi amuna anu anaigulitsa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kuyambira pamenepo kulibe renti iliyonse. Ndalamazo akuchotsa m'thumba mwawo, ndipo palibe lamulo limene likuwauza kuti akutumizireni kanthu, ngakhale kalatayi."